Kageti ka a Norman

Munthu wodwala akakupempha kanthu, uyambe wafunsa kaye dokotala usanavomere. A Cyril Metcalfe anafunsadi, dokotala nkuwauza kuti achimwene awo a Norman atuluka m'chipatala sabata isanathe, ndiye anavomera ndi mtima woyera. Chimene a Norman anapempha chinali chakuti akadzamwalira asadzawaike m'galimoto. Adzawanyamule pamapewa kuchokera kunyumba kwawo kumtunda mpaka kutchalitchi cha Stowbeck kumunsi, kudzera njira yakale ya maliro, monga anawanyamulira agogo awo aamuna.

"Ndipo iwe Cyril," anatero a Norman, chala chili m'mwamba pamodzi ndi timapaipi ta m'chipatala, "phewa lako lidzakhale kumutu kwanga mpaka pakhomo la tchalitchi. Usadzandisiyire anthu osawadziwa."

"Ndamva, achimwene. Idyani phala lanu likuzizira."

Dokotala uja sananame. A Norman anatulukadi sabata isanathe, kungoti anatulukira khomo lakuseri atawafunditsa nsalu mpaka kumutu. Amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. La a Cyril linkangofuna phewa, koma linali phewa lomwe lasenza nkhosa ndi miyala kwa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, ndipo linali litayamba kale kuyankhula lokha usiku.

Tsiku la maliro kunacha ndi mvula ya mawawa, ija yosanyowetsa munthu msanga koma yosasiya. Pabwalo la nyumba ya a Norman panaima amuna asanu ndi mmodzi ovala masuti omwe anagulira maukwati awo. Vuto la Stowbeck ndi lakuti achinyamata anatha. Sukulu inasanduka nyumba yogona alendo a tchuthi, shopu nayo chimodzimodzi, ndipo m'kachisi wakumtunda, pamene pankaima mlaliki nkumaopseza anthu za moto, pano pali bafa la madzi otentha. A Norman sanasiye mwana. Choncho a Cyril anangolowa m'bala usiku wina nkutola amene anawapeza: a Stan Iveson, mnzawo wa kuubwana amene pakamwa pake sipanaonepo tchuthi, a Ken amene kale ankagawa makalata, ndi madala ena atatu amene anavomera asanamvetse funso. Mukanaphatikiza mano awo onse akanadzaza pakamwa pamodzi, mwina ndi theka.

A Raine, amene ntchito yawo ndi yoona za maliro, anaima pambali pa galimoto yawo yaitali yakuda atavala nkhope ya pantchito.

"Bambo Metcalfe, galimoto ilipo. Ndaitsuka ndithu."

"Itsogoleni."

"Abusa anena kuti ikangokwana thwelofu koloko anyamuka. Ali ndi maliro ena kuseri kwa phiri. Mukudziwa, mbusa ndi mmodzi, matchalitchi ndi ambirimbiri."

"Ndiye tisiyeni tiyende."

Malamulo a njira ya maliro sanalembedwe paliponse, koma ku Stowbeck mwana amawayamwira m'bere. Miyendo ya womwalira ndiyo imatsogola. Bokosi silikhudza pansi kupatula pa miyala yopumulirapo imene makolo anaika m'mbali mwa njira kalelo, pamene akumtunda analibe manda awoawo. Ndipo maliro sabwerera m'mbuyo ngakhale phazi limodzi, poti womwalira akaiona njira yakwawo amaisunga m'mutu. Aliyense angakuuzeni kuti zimenezo sakhulupirira, koma palibe anayesapo.

A Doreen, mkazi wa malemu, anatuluka ndi ndodo kudzanja lina, fulasiki ya tiyi kudzanja linalo. Anthu ena onse anali atazungulira kumsewu wa tala pagalimoto zawo, koma iwo anati ayenda pambuyo pa bokosi.

"Alamu," anatero kwa a Cyril, "mukamubweza m'mbuyo munthuyu, akabwera adzagone kwanu. Ine ndamupirira mokwanira."

Anasenza. A Stan ndi a Ken anali kutsogolo, kumiyendo. A Cyril anali kumbuyo, kumutu, phewa lamanja pansi pa thabwa. Asanatuluke n'komwe pabwalo a Stan anayamba.

"Amwene Cyril, mukutsimikiza kuti umu muli Norman yekha? Sanamuikemo ndi mapu ake onse?"

"Yenda, Stan."

"Munthu anali ngati ndodo uyu. Walemera liti? Kapena ndi machimo?"

"Akanakhala ako bwenzi titabwereka thirakitala," anatero a Doreen kumbuyoko.

Njira inatsika kudzera m'busa loyamba, matope akuyamwa nsapato ngati mwana wa ng'ombe. Nkhosa zinasiya kudya nkumayang'ana. A Cyril ankadziwa mwala uliwonse wa njirayi, osati chifukwa choikonda. Iwo ndi mlimi, ndipo njirayi imadutsa m'mabusa awo. Lamulo limati aliyense ali ndi ufulu woyendamo, ndiye Loweruka lililonse kumabwera anthu a m'tauni, majekete awo owala ngati zinkhwe, ndodo ziwiriziwiri ngati olumala, kudzasiya mageti osatseka ndi kuthamangitsa nkhosa za bere ndi agalu awo. A Norman ndiwo anali mtetezi wa anthu amenewa. Atapuma ntchito ya uphunzitsi anadzipatsa udindo woyang'anira njira zonse za m'mudzimo: kudula minga, kupenta timivi tachikasu posonyeza kolowera, ndi kukangana ndi alimi, kuyambira ndi mng'ono wawo. M'moyo wawo wonse a Cyril anali atayankhulapo mawu amodzi okha kwa zinkhwezo, nawo ndi akuti, "Galu pachingwe!"

Mwala woyamba uli pafupi ndi chumuni chakale cha mgodi wa mtovu, chimene chinatsala chokha mgodiwo utatha. Ndi mwala wafulati, wautali ngati munthu, wosalala chifukwa cha mabokosi a anthu amene mayina awo anafufutika kale kumanda. Anatsitsa a Norman mofulumira kuposa mmene ulemu umafunira. A Doreen anathira tiyi m'chivindikiro, nkumayendetsa kuti aliyense apsontheko. A Ken anakhala pa udzu wonyowa nkumasisita maondo, nkhope itayera ngati ufa. A Cyril anayesa kukweza mkono, mkono unakana.

"Agogo anu aja," anafunsa a Stan atapezako mpweya, "anawanyamula ndani?"

"Anyamata a mumgodi."

"Ehe. Anyamata. Mawu amenewo Norman anawadumpha."

Kusenza kachiwiri kumapweteka kuposa koyamba, chifukwa phewa limakhala ladziwa. Anadutsa khola lakale lamiyala lopanda denga, nawoloka kamtsinje pa kamlatho ka mwala umodzi, aliyense akupemphera kwa Mulungu amene anali asanamuyendere chichokereni Khirisimasi. Patsogolo pake njira imadula msewu wa tala, ndipo pamenepo panali pataima galimoto yaitali ija, chitseko chakumbuyo chili yasa. A Raine anali ataima pambali pake ndi ambulera, ngati fisi amene wamva kuti m'khola muli mbuzi yodwala.

"Palibe angakudzudzuleni, bambo Metcalfe. Mwayesetsa."

A Cyril anamva mapazi a anzawo akuzengereza. Iwonso mtima unalakalaka, tisanamizane. Mkati mwa galimotomo munali mouma, moyala kapeti.

"Pitirirani," anatero.

"Ndimangoti ndione ngati ali ndi malo a anthu awiri," anang'ung'udza a Stan, koma anapitirira.

Kuchoka pamsewu, njira imatsetsereka m'busa lomaliza la a Cyril mpaka pampanda wamiyala, ndipo kuseri kwa mpandawo mudzi umaonekera wonse: madenga otuwa, mlatho, ndi nsanja yamphwamphwa ya tchalitchi imene yaima pamenepo kuyambira nthawi ya mafumu amene ngakhale a Norman ankawasokoneza mayina. Belu linali litayamba kulira, kamodzi, nkudikira, kenako kamodzinso. A Cyril anayamba kukhulupirira kuti afika. Maso anali pansi, akuwerenga zidendene za munthu wapatsogolo, pamene bokosi linaima mwadzidzidzi nkuwagunda khutu.

"Mwaimiranji kutsogoloko?"

"Amwene," anatero a Stan, mawu atatsika, "kageti."

Pampanda pamenepo pali kageti kaja timati kopsompsonerana. Ndi kachitseko kamene kamagwedera m'kati mwa kampanda kopinda ngati chigongono: umalowa, nkukankha chitseko, nkutulukira mbali inayo, munthu mmodzi nthawi imodzi, ndipo wonenepa amayamba wapuma kaye mpweya. Nkhosa siidutsa. Njinga yamoto siidutsa, ndipo n'chifukwa chake kanamangidwa. Nthawi ya agogo aja pamenepa panali mpata waukulu wotseka ndi mtengo umodzi, woti ngolo nkulowa. Koma anyamata a njinga zamoto atayamba kukumba njira ndi matayala, munthu wina anakwiya, natenga simenti ndi matabwa, natseka mpatawo ndi manja ake, nkumanyadira m'bala kuti apa sipadzadutsanso chinthu chachitali kuposa munthu woimirira. Munthuyo ndi amene anali m'bokosimo.

A Cyril anali atayenda njira yonseyi dzulo lake kuti aone matope. Pakagetipo anadutsa monga amadutsira masiku onse, osakaona n'komwe. Ndani amayang'ana geti ndi maso a bokosi?

"Tidutsitse pamwamba pa mpanda," anatero mmodzi wa madala aja.

Mpandawo umafika m'chibwano. Miyala yapamwamba ndi yoimika ngati mano, yopanda simenti, yoti ukaitsamira imagwa. Ndipo pamwamba pa manowo panadutsa waya waminga, mizere iwiri, woti zinkhwe zisamakwere mpanda. Wayayo anamanga ndi a Cyril.

"Ana a mayi mmodzi," anatero a Doreen. "Wina watseka pansi, wina watseka pamwamba."

Anayesa. A Stan anawerenga, onse nkukankha. Bokosi linakwera kufika m'makutu, linanjenjemera pamenepo kanthawi, nkubwerera pamapewa ndi mphamvu yoti a Cyril anaona nyenyezi. Ngakhale likanakwera, kutsidyako akanalilandira ndani? Atachokapo awiri kuti akadikire uko, anayi otsala akanagwa nalo. Kutsitsa pansi kunali kosatheka, kubwerera kunalinso kosatheka. Anangoima chomwecho, amuna asanu ndi mmodzi ndi mtembo, atayang'anizana ndi mpanda, mvula ikuwatsikira m'makolala, belu likuwaitana.

Ndipo pamenepo kutsidya kwa mpanda kunatulukira zinkhwe. Zinali gulu ndithu, zikukwera kuchokera kumudzi, zofiira, zachikasu, zobiriwira, amuna ndi akazi a misinkhu yosiyanasiyana, zikwama kumsana, zikuseka nkhani zawo. Wapatsogolo anali mayi wamtali wa chipewa chaubweya cha mtundu wa lalanje. Ataona bokosi pamwamba pa mpanda anakweza dzanja, phokoso lonse linati zii. Anapatuka m'njira, nandandalika m'mbali mwake, navula zipewa, naweramitsa mitu. Anali kudikira kuti maliro adutse.

Madala aja ataona alendo anawongola misana. Ku Stowbeck munthu saonetsa kutopa pamaso pa mlendo.

Ulemu wa kuno kwathu ndi woti ukhoza kufa nawo anthu akukuonerera, onse akupepesa. Alendo sakanafunsa ngati pali vuto, poti kutero ndi kulowerera za eni. Eni sakanapempha, poti kutero ndi kuvutitsa alendo. Choncho mbali iyi inadikira, mbali iyo inadikiranso. Nkhosa ina inatsokomola.

"Pepani," anatero mayi wamtali uja motsitsa mawu, "tisakusokonezeni. Musafulumire chifukwa cha ife."

"Ayi ndithu, mayi, palibe kanthu," anayankha a Stan, thukuta ndi mvula zikutsikira limodzi pamphuno. "Yatipeza mvula lero."

"Yavutadi. Koma akuti masana kuwala."

"Akutero? Zikhala bwino."

Kenako bondo la a Ken linapinda. Bokosi linapendekera kutsogolo, ndipo m'katimo munamveka kukhwekhwereza, kenako kugunda, a Norman atatsetsereka nkuponda thabwa lakumiyendo. A Ken anadzikoka nkuimanso, koma mpweya wawo unkamveka ngati mpope wa njinga wobooka.

Kumbuyo kunamveka kutsokomola kwaulemu. A Raine anali atatsika kuchokera kumsewu ndi ambulera yawo.

"Galimoto ili pompa, bambo Metcalfe. Tingobwerera pang'ono, busa limodzi lokha. Tikafika abusa asananyamuke."

Lonjezo lija linali ndi miyendo iwiri, ndipo apa a Cyril anaona kuti umodzi uthyoka basi. Akabwerera, a Norman alowa m'galimoto imene anaikana. Akapempha, a Norman apita m'manja mwa anthu osawadziwa. Anatembenuza maso, poti khosi silinkatembenuka, nkupeza a Doreen ali pambali pawo.

"Musandiyang'ane ine, alamu. Sindinalonjeze kanthu. Pakamwa muli napo."

"Anati ndisawasiyire alendo."

"Ankanena zambiri. Anatinso kageti aka kadzathandiza mibadwo."

Bokosi linapendekeranso. A Cyril anayang'ana mitu yoweramayo pamwamba pa waya wawo womwe.

"Pepani," anatero.

"Pepani, pepani," zinayankha zinkhwe zonse pamodzi, nkusunthira m'mbuyo kuti zipereke malo okwanira.

"Ayi, ndimati... ngati sikukuvutitsani..."

"Cyril!" anakuwa a Stan. "Ken akufa kuno, tikhala ndi mabokosi awiri!"

Apo a Cyril anatulutsa mawu aja amaitanira galu wawo kutsidya la chigwa. "Inu anthu! Bwerani mutilandire, akutigwa munthuyu!"

Ndodo zinagwa pansi, zikwama zinaponyedwa pa udzu. Mayi wamtali uja anali kale akuloza: inu anayi dutsani, inu otsala imani apa, manja m'mwamba. Anayiwo anadutsa pakagetiko mmodzimmodzi, poti a Norman sanamange kageti kodziwa changu, ndipo aliyense potuluka ankati pepani. Mnyamata wina wandevu, wamapewa ngati chitseko cha khola, anaima kumbuyo kwa a Cyril.

"Ndigwire apa, bambo?"

"Ndi kumutu kumeneko. Ugwire bwino."

Bokosi linakwera ngati lopanda kanthu. Linadutsa pamwamba pa waya, miyendo patsogolo, osakhudza ngakhale munga umodzi, nkutsikira m'manja mwa odikira kutsidya. Phewa la a Cyril litapepuka, dziko linapendekeka, ndipo anapezeka atagwira mpanda ndi manja awiri.

A Cyril atadzutsa mutu, a Norman anali akupita. Kuchokera pamenepo palibenso mwala wopumulirapo mpaka kumanda, a Stan anali atawakuwira alendowo kuti asatsitse pansi ndipo asabwerere, ndipo miyendo ya anthu oyenda m'mapiri imadziwa liwiro limodzi lokha. Bokosi linkatsetsereka ndi njira pamwamba pa majekete owala, ngati likupita kuukwati. Madala anafola pakageti, mmodzimmodzi, nkumalitsatira motsimphina. A Raine anathamangira kugalimoto yawo yopanda kanthu.

A Cyril anatsala ndi a Doreen. Mwendo wamanzere unali utagwidwa ndi dzanzi mpaka m'chiuno. Analowa m'kagetiko, a Doreen atagwira chitseko.

"Dzina la kagetika ndikulidziwa, alamu, koma musayembekezere kanthu."

A Cyril sanaseke. Anatsika pang'onopang'ono, kudutsa mzere wa tinyumba takale ta anthu a mumgodi, tonse totseka makatani poti eni ake amabwera chilimwe chokha, kudutsa pamlatho, kudutsa pabala. Belu linasiya kulira iwo ali pamlathopo.

"Alowa nawo," anatero a Cyril.

"Yendani, alamu."

"Ndawasiyira alendo."

"Ndati yendani. Kulira mukalirira uko, kuli mipando."

Polowera kumanda a tchalitchi pali chipata chofolera, ndipo pansi pa dengalo pali mwala womaliza, pamene bokosi limadikira abusa. A Norman anali pamwalapo. A Stan ndi anzawo anali atakhala pabenchi ya m'chipatamo ngati zovala zonyowa, osaonetsa chizindikiro choti adzaimiriranso chaka chino. Abusa, mayi wamfupi wa jombo zamatope kunsi kwa mkanjo, ankayang'ana wotchi ndi diso limodzi, linalo kumsewu.

"Ndawauza kuti mwini wake wa kumutu akubwera," anatero a Stan. "Abusa ati akupatsani nthawi ya nyimbo imodzi, ndipo aichotsa pa mwambo."

"Muchotse yachiwiri ija," anatero a Doreen. "Ankaiimba moipa."

Mayi wamtali anasuntha mnyamata wandevu uja. "Malo anu ndi awa, bambo. Ine ndine Yasmin. Pepani ndi zovutazi."

A Cyril anangogwedeza mutu, nalowa pamalo pawo. Alendo asanu anawerama, nasenza, nawongoka. Bokosi linakwera, nkupitirira. Anthu a m'tauni amakula ndi zakudya zina. Pakati pa phewa la a Cyril ndi thabwa panatsala mpata woti nkhunda nkudutsa. Anayesa kunyang'ama pa zala za kumapazi, mwendo unakana.

Anavula chipewa chawo, nachipinda pawiri, nachiika paphewa. Sichinafike. Anaima chomwecho, mutu wa imvi uli pamvula, abusa atatsegula kale buku. Yasmin anasuzumira kuchokera mbali inayo, natulutsa m'thumba chipewa chake chaubweya chija ndi dzanja limodzi, nkuchipereka kudzera pansi pa bokosi. A Cyril anachiyang'ana mtundu wake, anapuma mpweya wautali, nkuchisanjika pamwamba pa chawo.

Chinakhudza.

Anayenda chomwecho pakati pa miyala ya manda, abusa akuwerenga patsogolo mothamanga. Kulemera sanakumve. Ankangomva thabwa likuwagogoda pang'ono paphewa pa phazi lililonse, mpaka mthunzi wa khomo la tchalitchi unawaphimba. Pamenepo anatulutsa phewa lawo, nabweza chipewa cha eni chitanyowa, nkukhala pa benchi yoyamba imene anaipeza, kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi maambulera. Abusa atanena kuti onse aimirire, a Cyril anawauza maondo awo, maondo sanamve, ndipo anaimba ali chikhalire.